Mamegapikiselo ndi maso a ukonde chabe: za makamera ndi mdima wa kunyanja kuno

Anzanga a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Monkey Bay, Chembe, Senga Bay, Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay, ndabweranso ndi uthenga wautali. Amene bandulo yatsala pang'ono musadandaule, ndi malemba okhaokha, mulibe vidiyo.

Achinyamata ambiri masiku ano akufuna kulowa bizinesi yojambula: maukwati, zinkhoswe, zithunzi za malo ogona alendo, mavidiyo a oimba. Ena akusunga ndalama za usipa chaka chathunthu, ena akupempha achimwene awo a ku Joni kuti awagulire kamera ya mirrorless. Ndipo funso limene ndimamva nthawi zonse ndi limodzi: "Aise, ili ndi mamegapikiselo angati?" Ine ndikuti funso limeneli lizikhala lomaliza. Kwa ife a kunyanja, loyamba ndi lakuti kamerayo ikuona bwanji kukada.

Taganizani nthawi imene zinthu zimachitika kuno. Usipa amaupha usiku, mwezi ukakhala mumdima. Siginala amakhala m'bwato ndi kuwala kwake, kale zinali nyali za parafini zopopa zija, pano ndi mababu a LED a batire. Maboti amafika padoko m'bandakucha, amayi ali kale ndi mabeseni dzuwa lisanatuluke. Ukwati umayamba masana, koma kuvina kwenikweni kumatentha madzulo, mu holo ya mababu awiri, mwinanso magetsi atathima. Dzuwa likuswa mtengo foni iliyonse imajambula bwino. Kasitomala amakulipira pa zimene foni yake yalephera, ndipo imalephera mumdima.

Kwa amene mawu oti mirrorless ndi achilendo: ndi kamera yosintha malenzi koma yopanda kagalasi kotembenuka kamene kamakhala mu ma DSLR. Kuwala kumafika molunjika pa sensa, ndipo chimene diso lako likuona ndi chimene sensa ikuona. Yoyamba inali Panasonic Lumix G1 ya mu 2008. Ubwino wake usiku ndi wakuti umaoneratu ngati chithunzi chituluke chakuda usanadine.

Tsopano za sensa. Ine ndine mwana wa msodzi, ndiye ndifotokoza ndi ukonde. Chilimira chachikulu chimazinga madzi ambiri, chaching'ono chimazinga ochepa. Maso a ukonde ndi nkhani ina: maso ang'onoang'ono amagwira tinsomba ting'onoting'ono, koma sakulitsa ukondewo. Sensa ndiye ukonde, kuwala ndiye nsomba, mamegapikiselo ndi kuchuluka kwa maso. Munthu akakuuzani kuti ukonde wake uli ndi maso mamiliyoni 40, mufunseni kaye kuti ndi wautali bwanji.

Sensa ya full-frame ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Ya APS-C, yonga ili mu Sony a6400 kapena Fujifilm X-T5, ndi pafupifupi 23.5 ndi 15.6, kutanthauza kuti full-frame imaiposa kukula kawiri ndi pang'ono. Ya Micro Four Thirds, ya Panasonic ndi OM System, ndi 17.3 ndi 13, ndipo imalowa mu full-frame pafupifupi kanayi. Ndiye tengani X-T5 ya mu 2022, ya mamegapikiselo 40, muiike pambali pa Canon EOS R6 ya mu 2020, ya 20 okha. Papepala Fujifilm yapambana kawiri. Padoko 4 koloko m'mawa, malenzi akakhala otseguka mofanana, Canon ndi imene ikusonkhanitsa kuwala kochuluka, ndipo chithunzi chake chimakhala ndi timchenga tochepa, timene ojambula amati noise.

Ngakhale opanga mafoni akudziwa zimenezi. Samsung Galaxy S23 Ultra imalengezedwa kuti ili ndi mamegapikiselo 200, koma mukangojambula osasintha kanthu imaphatikiza timapikiselo 16 kukhala kamodzi, n'kukupatsani chithunzi cha 12. Nambala yaikulu ija ili pabokosi, ntchito ikugwiridwa ndi yaing'onoyo.

Koma pali bodza lina limene likuyenda m'magulu muno, la anthu amene aphunzirako pang'ono pa YouTube. Iwo amati kamera ya mamegapikiselo ochepa ndiye imaona mumdima, ya ambiri ndi yakhungu. Umboni wawo ndi Sony a7S III ya mu 2020, ya mamegapikiselo 12, imene ISO yake imakwera mpaka 409,600. Amaiyerekeza ndi a7R V ya mu 2022, ya 61. N'zoona kuti pikiselo imodzi ya a7S III ndi yaikulu, pafupifupi mamaikuromita 8.4, pamene ya a7R V ndi 3.8. Mukakulitsa zithunzi zonse ziwiri pa kompyuta mpaka pikiselo ndi pikiselo, cha a7R V chioneka chamchenga kwambiri. Koma masensa onse awiriwo ndi aakulu mofanana, ukonde ndi umodzimodzi, kuwala kolowa ndi komweko. Mukachepetsa chithunzi cha 61 chija kuti chifanane kukula ndi cha 12, timchenga timaphwanyana tokha, ndipo kusiyana kumatsala kochepa zedi. Mphamvu yeniyeni ya a7S III ili pa vidiyo. 4K ndi mamegapikiselo 8.3 basi, ndiye sensa ya mapikiselo ochepa imawerengedwa mwachangu, zinthu zoyenda sizipindika. Ngati ntchito yanu ndi mavidiyo ausiku, ndi kamera yabwino kwambiri. Ngati ndi zithunzi, madola 3,500 amene inkagulitsidwa itangotuluka sakugulirani diso la kadzidzi ayi.

Chimene chimasintha zinthu kwambiri, ndipo palibe amene amachifunsa, ndi lenzi. Apa ndikufuna mumvetsetse. Makamera ambiri amabwera ndi lenzi yolembedwa f/3.5-5.6. Nambala ya f ikakhala yaikulu, bowo lolowera kuwala ndi laling'ono. Mukakoka zoom mpaka kumapeto muli pa f/5.6. Lenzi ya 50mm f/1.8, imene ndi imodzi mwa zotsika mtengo kwambiri kwa Sony ndi Canon, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6. Kakhumi, amwene! Chithunzi chimene chikanafuna ISO 12,800 chitheka pa ISO ya m'ma 1,300. Kusiyana kwa full-frame ndi APS-C ndi kawiri ndi pang'ono, kwa malenzi awiriwa ndi kakhumi. Ndiye mnyamata wa a6400 ndi lenzi ya f/1.8 amugonjetsa mnzake wa full-frame yodula amene ndalama zinamuthera pa kamera n'kutsala ndi lenzi ya m'bokosi. Canon RF 50mm f/1.8 inatuluka pa madola 200. Yerekezani ndi madola 3,900 amene a7R V yopanda lenzi inkagulitsidwa itangotuluka. Kwacha yathu chigwereni ndi 44 peresenti mu November 2023, dola iliyonse imapweteka, ndiye iziikidwa pamene ikugwira ntchito.

Ogulitsa amatamanso IBIS, kachipangizo kogwedeza sensa kuti kunjenjemera kwa manja kusaoneke. Sony a7 III ili nako, Nikon Z6 ili nako, Canon R6 ili nako, pamene Canon RP, R8 ndi Sony a6400 zilibe. Kamathandiza pojambula chipinda cha alendo, kapena maboti ali pamchenga dzuwa litalowa. Koma kamaletsa dzanja lanu lokha. Alovi akukoka chilimira, mkwatibwi akuvina, mwana akuthamanga, amenewo IBIS siiwaimitsa. Pamafunika shutter ya 1/250 kapena yachangu kuposa apo, ndipo shutter yachangu imadya kuwala. Tabwereranso pa lenzi.

Pali chinthu china chimene azungu oyesa makamera pa intaneti sachikamba kawirikawiri. Khungu lathu ndi lakuda, ndipo timchenga timabisala m'mbali zakuda za chithunzi. Usiku pa nyanja babu la siginala limakhala loyera mbee, nkhope ya munthu ili pambali pake ili bii. Kamera ikatsata babu, nkhope imasowa. Ikatsata nkhope, babu ndi madzi ozungulira zimapserera. Kamera yabwino ndi imene imakulolani kujambula RAW, kusunga kuwala kwa babu, kenako n'kukweza nkhope pa laputopu popanda khungu kusanduka lofiirira ndi lobiriwira ngati nsalu yosuluka. Masensa a mamegapikiselo 24 a mu a7 III ndi Z6, onse a mu 2018, amachita bwino pamenepa mpaka lero. Chenjeraninso ndi shutter yosalira ija mu holo: mababu ena a LED amaphethira mwachangu kuposa mmene diso limaonera, ndipo chithunzi chimatuluka ndi mizeremizere. Sensa ya mamegapikiselo ambiri imene imawerengedwa pang'onopang'ono ndiye imavutika kwambiri. Bwererani pa shutter yolira.

Nanga mamegapikiselo onse aja amapita kuti? Zithunzi zathu zambiri zimathera pa WhatsApp ndi Facebook. WhatsApp imafinya chithunzi kufika pafupifupi mamegapikiselo awiri pokhapokha mutasankha HD kapena kutumiza ngati Document. Mwagula 61, azakhali a ku Lilongwe alandira 2. Mukafuna kusindikiza, chithunzi cha mamegapikiselo 24 ndi mapikiselo 6000 ndi 4000, chokwanira bwinobwino pepala la A3 lopachika pabalaza. Ndi makasitomala angati kuno amene anakupemphanipo choposa A3? Ndipo katundu wolemera amafuna bwato lalikulu: RAW imodzi yosafinya ya kamera ya 61 imafika mamegabaiti pafupifupi 120. Ukwati umodzi wa zithunzi 1,000 ndi magigabaiti oposa 100. Makhadi, hard drive, laputopu yamphamvu, zonsezo mugula ndinu, ndipo batire la laputopu lizitha musanamalize kukonza.

Sindikunena kuti mamegapikiselo ambiri alibe ntchito. Amene amaperekeza alendo ku Thumbi kukaona nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba, iyeyo ali ndi chifukwa. Mbalame ili patali, imatenga kachigawo kakang'ono ka chithunzi, ndiye umadula n'kutaya zambiri. Pa mamegapikiselo 45 a Canon R5 kapena Nikon Z7 umadula nthenga n'kumaonekabe. Koma onani kuti zimenezo zimachitika masana, kuwala kuli mbwee. Chimodzimodzi amene wapeza ntchito ya chikwangwani chachikulu chimene anthu azichiyang'ana ali pafupi. Ntchito zoterezi zilipo, koma si zimene zimadyetsa ambiri a ife mwezi ndi mwezi.

Ndiye mukandifunsa kuti achimwene a ku Johannesburg agule chiyani, yankho langa ndi ili. Ngati thumba likulola, full-frame yogwiritsidwapo kale ya mamegapikiselo 20 mpaka 24: Sony a7 III, Nikon Z6 kapena Canon R6, pamodzi ndi lenzi ya 35mm kapena 50mm f/1.8. Pa zitatuzi ine ndimakondera a7 III pa zifukwa zosakhudza kukongola kwa chithunzi: batire lake limakhalitsa, ili ndi malo a makhadi awiri a SD, ndipo malenzi otsika mtengo a Sigma, Tamron ndi Samyang olowa pa Sony ndi ambiri. Z6 yoyamba ili ndi malo a khadi limodzi, la mtundu wa XQD lodula komanso lovuta kupeza. Khadi likafa ndi zithunzi za ukwati wa anthu, ukwatiwo sabwereza. R6 imagwira diso la munthu mumdima bwino kuposa ziwirizo, ndipo ngati mwaipeza pamtengo wabwino musaisiye chifukwa choti 20 ikumveka yochepa. Ngati thumba silikulola, tengani APS-C ngati a6400 ndi lenzi yotseguka, musachite manyazi, ndipo ndalama yotsala mugulire flash ndi batire lachiwiri.

Ogulawo muwauze asayese kamera panja padzuwa, chifukwa pamenepo iliyonse imanyenga. Alowe pakona yamdima, aike ISO 6400, ajambule nkhope ya munthu wakuda ngati ife akuyenda, aone ngati focus ikugwira diso kapena ikungosakasaka. Chithunzicho akutumizireni ngati Document kuti muone nokha timchenga tili pa khungu. Afunsenso kuti shutter yadina kangati, ndipo aunike mkati mwa lenzi ndi tochi ya foni ngati mulibe nkhungu yonga ulusi wa kangaude.

Ikafika kuno, nkhungu imeneyo ndiye mdani wanu, chifukwa chinyezi cha kunyanja chimaikonda lenzi yotsekeredwa m'chikwama. Muziisunga m'bokosi lotseka bwino ndi timapaketi ta silica tija timabwera mu nsapato zatsopano, ndipo muzitiyanika pamoto pang'ono tikakhuta chinyezi. Komanso kumbukirani kuti mirrorless yambiri mukachotsa lenzi sensa imakhala pamtunda. Mwera ukamawomba kuyambira May mpaka August, musasinthe lenzi pamchenga. Lowani m'nyumba, kamera iyang'ane pansi, musinthe mwachangu.