Bulashi Imodzi pa Nkhope Khumi

Mpunga ukakololedwa ku Lifuwu, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima, anthu amakhala ndi kangachepe m'thumba ndipo maukwati amatsatizana Loweruka ndi Loweruka. Nyengo imeneyi yabweretsa ntchito imene kale kunalibe koma tsopano yayamba kudyetsa atsikana otsiriza sukulu, ntchito yophoda akwati. Mtsikana amene analemba mayeso a Fomu 4 koma malo a ku koleji sanawapeze amakagula kabokosi ka zophodaphoda pa Kamuzu Road, naphunzira luso lake poonera pa foni, ndipo m'bandakucha wa tsiku la ukwati amaitanidwa kukakongoletsa mkwatibwi pamodzi ndi anamwali omperekeza. Ntchitoyi njabwino, ndipo woinyoza sanaone m'mene ulova umasautsira achinyamata. Chodandaulitsa nchakuti kawirikawiri nkhope zonsezo, zikhale zisanu kapena khumi, zimapakidwa ndi bulashi imodzi, imene mwina siinalawepo sopo chiigulireni.

Faundeshoni ndi mafuta aja okhala ndi mtundu wa khungu amene amayamba kupakidwa kumaso zophoda zina zisanabwere. Anafala kuchokera ku Hollywood, kumene kampani ya Max Factor inakonza wotchedwa Pan-Cake mu 1937 kuti ochita mafilimu azioneka bwino pa kanema wamitundu, ndipo ankapakidwa ndi kasiponji konyowa. Akuluakulu akale a kuno nawo ankadzola, pakuti mafuta a nsatsi sanali achilendo pa khomo la mayi wodzisamala. Koma chida chawo chinali dzanja, ndipo dzanja limasambidwa kangapo pa tsiku chifukwa mwini wake ayenera kudya nalo nsima. Bulashi palibe chimene chimaikumbutsa madzi. Ikatha ntchito imaponyedwa m'chikwama, pamodzi ndi makiyi, ndalama zachitsulo ndi chipeso, kudikira mawa.

Tsono nthawi iliyonse imene ubweya wake wayenda pa nkhope umatola thukuta, mafuta a m'thupi ndi tizigamba ta khungu lakufa, ndipo zonsezi zimasakanikirana ndi faundeshoni wotsalira m'kati mwa ubweyawo. Chimenechi nchakudya cha tizilombo toyambitsa matenda. Kwa munthu wokhala ku nyanja vutoli limakula koposa, popeza kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumatulutsa thukuta dzuwa lisanakwere, ndipo mvula ikayamba chinyezi chimameretsa chuku ngakhale pa nsapato yosiyidwa pansi pa bedi. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Aston ku Birmingham anapima zophodaphoda 467 zimene anthu anali kugwiritsa ntchito, napeza kuti pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zinali ndi tizilombo, ena mwa iwo a mtundu wa Staphylococcus umene umayambitsa zithupsa ndi zilonda za mafinya. Timasiponji topakira faundeshoni ndito tinali tauve koposa: 93 mwa 100 tinali tisanatsukidwepo ndi kamodzi komwe, ndipo 64 mwa 100 tinagwapo pansi eni ake nkungotola ndi kupitiriza. Izi zinapezeka ku dziko lozizira, kumene madzi a m'mpope ali m'nyumba. Nanga kumene madzi ngokatunga ku mjigo, ndipo pansi pamene chinthu chimagwerapo ndi pa mchenga wopondedwa ndi nkhuku?

Pamene bulashiyo ili ya munthu mmodzi, chilango chake nziphuphu zosatha zimene mtsikana amaziphimba ndi faundeshoni wina, osadziwa kuti akuthirira mbewu yomwe ikumsautsayo. Pamene yayenda pa nkhope zambiri, imasenza zipere, zilonda za pamlomo ndi matenda a maso kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Anthu sanaiwale matenda a maso ofiira amene anayambira ku Karonga kuchiyambi kwa 2024 nkufalikira m'maboma ena. Langizo la achipatala linali lakuti anthu asabwerekane nsalu zopukutira kumaso, ndipo bulashi imafika pafupi ndi diso monga momwe nsaluyo imachitira. Dziko lino linagwira ntchito zaka zambiri kuphunzitsa ana kusukusula, mpaka mu 2022 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti matenda a trachoma sanalinso chiopsezo kwa anthu a m'Malawi. Zingakhale zamanyazi kuti ana omwewo, atakula, aziika pa nkhope yosambayo chinthu chauve chogula ndi ndalama zawo.

Kusankha bulashi sikufuna chuma, kumafuna maso ndi zala. Ubweya uli mitundu iwiri. Wina ndi wa nyama, monga mbuzi kapena hatchi, ndipo uli ndi timamba tosaoneka ndi maso timene timagwira bwino zophoda zaufa. Koma pa faundeshoni wamadzimadzi timambati timamwa mafuta, kotero kuti botolo limatha msanga ndipo bulashiyo imavuta kuyeretsa. Wina ndi wa nayiloni, wosalala, wosamwa kanthu, wouma msanga, ndipo nthawi zambiri ndiwo wotsika mtengo. Kwa mtsikana wa ku Lifuwu umenewu ndiwo woyenera, ndipo wogulitsa akanena kuti wa nyama ngwapamwamba, akunena zoona za ntchito ina, osati iyi.

Wogula ayenera kuigwira bulashiyo asanapereke ndalama. Aiyendetse kuseri kwa dzanja lake: ikamabaya pamenepo, idzabaya koposa m'masaya. Akoke ubweya pang'ono ndi zala ziwiri: ukathothoka m'sitolo momwemo, pa nkhope ya mkwatibwi udzathothoka wambiri. Apotoze kachitsulo kamene kamalumikiza ubweya ndi mpini, pakuti kakamagwedera ndiye kuti guluu wake ngwochepa ndipo bulashiyo sidzaona mvula ziwiri. Pali yaphanthiphanthi ngati nkhafi ya bwato, imene imayala mafuta mofulumira koma imasiya mizere m'manja mwa wosazolowera. Palinso yaubweya wothithikana wodulidwa mofanana pamwamba, imene imayendetsedwa mozungulira ndipo imakhululukira wophunzira. Bulashi imodzi yabwino ya mtundu wachiwiriwu iposa phukusi la khumi ndi awiri okongola mipini amene theka lake sadziwika ntchito. Bulashi yogwirapo kale ntchito, yopezeka pa mulu wa kaunjika, njosayenera kugula ngakhale ikhale ya dzina lotchuka, chifukwa nkhope imene inkaipaka palibe akuidziwa.

Pano nkoyenera kupatuka pang'ono. Bulashi, ngakhale yabwino chotani, singakonze faundeshoni wosafanana ndi khungu. Kwa zaka zambiri makampani ankapanga mitundu yoyenera azungu okha, ndipo zinthu zinasintha kwambiri pamene woimba Rihanna anatulutsa Fenty Beauty mu 2017 ndi mitundu 40. Komabe mtima wa masiku a Ambi, pamene anthu ankaseka za nkhope ya Fanta pa miyendo ya Coca-Cola, sunathe. Alipo osankhira dala mtundu woyererapo. Dziko la South Africa linaletsa mankhwala a hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990 litaona nkhope zimene anawononga. Faundeshoni woyera sawotcha khungu monga mankhwalawo, koma pa dzuwa la ku nyanja amaoneka ngati phulusa. Ayesedwe pa chibwano, panja powala, ndipo woyenera ndi amene wasowa osaoneka pamene wathera.

Kutsuka ndiko mtima wa nkhani yonse. Madokotala a khungu a bungwe la American Academy of Dermatology amalangiza kuti mabulashi azitsukidwa masiku 7 mpaka 10 alionse; kumalo otentha ngati Lifuwu, kamodzi pa mlungu ndiko kuchepetsetsa. Madzi akhale oyera, a pa mjigo kapena owiritsa nkuwasiya afunde, osati otunga m'mphepete mwa nyanja pamene pamachapidwa zovala ndi kutumbulidwa nsomba. Asakhale otentha, chifukwa amasungunula guluu. Ubweya uloze pansi nthawi yonse kuti madzi asalowe m'kachitsulo kaja, ndipo bulashi isanyikidwe m'kapu usiku wonse. Sopo wosambira wamba akwanira: ubweya uzunguzidwe pa chikhatho mpaka thovu lisiye kutuluka lofiirira, kenaka utsukuluzidwe, ufinyidwe ndi kansalu koyera, ubwezeredwe m'maonekedwe ake ndi zala. Pouma, bulashi igonekedwe m'mphepete mwa tebulo ubweya uli lende pa mphepo, pa mthunzi. Kuiimika m'botolo ili yonyowa ndiko kutsetserekera madzi ku guluu, ndipo kuitsekera m'pepala lapulasitiki isanaume ndiko kuitana chuku. Msodzi wa pa Lifuwu pomwepo sapinda ukonde wonyowa nkuuponya m'nyumba. Amauyanika, nauyang'ana diso ndi diso, chifukwa ndiwo umdyetsa. Mwana wake wamkazi waona zimenezi chibadwire, kungoti palibe anamuuza kuti bulashi nayo ndi chida chotere.

Kwa wophoda akwati lamulo la kamodzi pa mlungu silikwanira. Iye ayenera kukhala ndi mabulashi a faundeshoni angapo, yoyera pa nkhope iliyonse, ndipo onse atsukidwe madzulo a tsiku lomwelo. Ngati ndalama sizilola, apemphe anamwali operekeza kuti aliyense abwere ndi yake, kapena apake ndi zala zosamba ndi sopo pakati pa munthu ndi munthu, zimene nzaukhondo kuposa bulashi yoyendayenda. Faundeshoni athiridwe pang'ono pa kambale koyera, bulashi isamalowe m'botolo. Ndipo akapeza chipere, chilonda cha pamlomo kapena diso lofiira lotuluka manthongo, alimbe mtima nkukana kupakapo, ngakhale ankhoswe akhale akuwerenga nthawi pakhomo. Kukanako kungamtayitse ndalama ya tsikulo. Koma mudzi wa asodzi ngwaung'ono, ndipo anamwali atatu akatupa maso mlungu wotsatira ukwati, amayi a pa mjigo adzadziwa amene anawaphoda dzuwa lisanalowe.

Aphunzitsi ali ndi mbali yawo. Sukulu zambiri zimaletsa ana kudziphoda, ndipo nkhaniyo imathera pa chiletsocho, ngati kuti mtsikana akavula yunifolomu komaliza nzeru zosamalira khungu zidzamgwera kuchokera kumwamba. Kuletsa m'kalasi nkoyenera. Kusaphunzitsa ndiko kulakwa. Phunziro la tizilombo tosaoneka ndi maso lili kale m'mabuku a sayansi, ndipo limaphunzitsidwa ndi zithunzi za pa bolodi zimene ana amaloweza nkuiwala mayeso akatha. Mphunzitsi atabwera ndi bulashi yakale imodzi, sopo ndi mbale yoyera ya madzi, naitsuka pamaso pa ana a Fomu 4, mtundu wa madziwo ungagwire ntchito imene choko chalephera. Anyamata asatulutsidwe m'kalasi tsiku limenelo, pakuti ambiri a iwo adzatsegula malo ometera pa msika, ndipo kabulashi kokuntha tsitsi m'khosi kamasenza zipere mwa njira yomweyi.