Netiweki ikamathawa ku Chongoni, yambani mwaunika batire

Kachipangizo kokhala ndi SIM khadi kakasiya kutumiza uthenga, ambirife timathamangira kuloza chala TNM kapena Airtel. Tikunena tizipangizo monga kolondolera njinga yamoto ya kabaza, kapena kobisika m'bokosi la sola yolipira pang'onopang'ono. Komatu kumapiri a Chongoni kuno, nthawi zambiri cholakwika chimakhala magetsi ake.

Kachipangizo kotere kakangokhala phee sikadya magetsi ambiri. Vuto limabwera polankhula ndi nsanja ya netiweki. Pa 2G kamakoka magetsi mwadzidzidzi, mpaka ma amp 2, kwa kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo kamabwereza zimenezi koposa ka 200 pa sekondi imodzi. SIM800, yomwe ndi mbali yogwira netiweki m'tizipangizo tambiri totchipa, imafuna mavolti pakati pa 3.4 ndi 4.4. Batire ikatopa, kapena waya akakhala woonda ndi wautali, mavolti amagwa pa kanthawi komweko. Kachipangizo kamazima, kuyakanso, kuyamba kusaka netiweki, kenaka kuzimanso. Woyang'ana amangoona ngati netiweki kulibe.

Malo athu amawonjezera vutoli. Nsanja ikakhala kuseri kwa phiri, kachipangizo kamatulutsa mphamvu zake zonse, ngati munthu woitana mnzake tsidya lina la chigwa, ndipo ndi pomwe kamakoka magetsi ochuluka. Onjezanipo chisanu cha kuno ku Dedza mu Juni ndi Julaye. Batire yozizidwa imalephera kutulutsa magetsi ambiri nthawi imodzi, ndiponso tsiku la nkhungu sola siidzaza batire.

Choncho yambani ndi kulemba nthawi imene uthenga umaduka. Ngati umaduka mbandakucha n'kubwerera dzuwa likakwera, kaikirani batire, chifukwa ndi m'mawa pomwe imakhala itatsika kwambiri. Kenaka imani pamalo pomwepo ndi foni ya netiweki yomweyo, muiike pa 2G, muimbe. Foni ikapita, ndiye kuti nsanja ikugwira ntchito.

Mita yoyezera magetsi musaikhulupirire kwambiri. Ikhoza kuonetsa mavolti 3.9, inu n'kumati zonse zili bwino, chonsecho kugwa kwa mavolti kukuchitika mothamanga kuposa mmene mitayo ingaonere. Apa ndi pomwe amisiri ambiri amasokera, ndipo zimandipweteka kuona munthu akugulitsidwa kachipangizo katsopano pomwe kakale kalibe vuto. Njira yodalirika ndi kulumikiza batire ina yodzaza bwino ndi mawaya aafupi, onenepa, pamalo omwewo. Kachipangizoko kakagwira netiweki osazimanso, mwapeza gwero.

Kukonza kwake sikudula. Palani dzimbiri polumikizira mawaya, fupikitsani mawayawo, ndipo mmisiri aike capacitor ya 1,000 µF pafupi penipeni ndi SIM800, kuti izipereka magetsi pa kanthawi kokoka mwadzidzidzi kaja. Batire ikakhala yotheratu, capacitor singaipulumutse. Imeneyo isintheni chisanu chisanafike.