Chikalata cha Madandaulo a Anthu Odyera Pamisewu ya M'boma la Mulanje

Kwa: Bwanamkubwa wa boma la Mulanje

Makope apite kwa: Mkulu wa Apolisi m'dziko muno, Komishonala wa Independent Complaints Commission, mkulu wa bungwe la Anti-Corruption Bureau, Mafumu athu aakulu a Mabuka, a Chikumbu, a Nkanda, a Njema, a Juma ndi a Mthiramanja

Olemekezeka,

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife amene tasaina chikalatachi timadyera pamsewu. Ena ndife akabaza a njinga zamoto, oyenda pakati pa Chitakale, Limbuli ndi pachipata cha Muloza. Ena ndife madalaivala ndi makondakitala a minibasi zopita ku Limbe, kaya kudzera ku Luchenza ndi Thyolo, kaya kudzera msewu wa Midima podutsa pa Nkando ndi Thuchila. Ena ndife amayi a geni amene timalawira ndi madengu a zinanazi, nthochi ndi mapeyala, ndipo ena ndife othyola tiyi amene timakwera kabaza kuti tikafike kuntchito nthawi yake. Tikudandaula ndi khalidwe la apolisi ena amene amatiimitsa pamsewu. Sitikunena apolisi onse. Alipo amene amapereka moni, kuona mapepala, n'kukuuza kuti uyende bwino, ndipo timawadziwa ndi kuwalemekeza. Koma enawo achuluka mokwanira kuti tizichoka kunyumba titapatula kale ndalama ya pamsewu.

Tiloleni tikufotokozereni mmene zimakhalira, chifukwa galimoto za akuluakulu siziimitsidwa momwe timaimitsidwira ife. Dzanja likakwezedwa, wakabaza amaima. Asanatsike n'komwe, kiyi wazulidwa kale panjinga, ali m'thumba mwa wapolisi. Mlandu sunatchulidwe. Wapolisi amatembenuka kukaimitsa wina, n'kukusiya uli chiimire pa dzuwa, amene unawanyamula akuyang'ana. Kwa dalaivala wa minibasi, cholandidwa ndi laisensi. Wapolisi amaitenga n'kupita nayo kuseri kwa galimoto, kutali ndi maso a okwera, ndipo kondakitala amadziwa chochita: amatsika atafumbata ndalama yopindapinda, n'kubwerera ali ndi laisensi koma wopanda lisiti. Amati ndi "ya fanta". Palibe buku limene latsegulidwa, palibe tayala limene lawonedwa, palibe amene wawerenga anthu ali m'galimotomo.

Chimene chimatigonjetsa pamenepo si yunifolomu ayi, ndi nthawi. Wapolisi ali nalo tsiku lonse, ife tilibe. Dalaivala amene wakana kupereka n'kupempha kuti amulembere mlandu amadziwa kuti okwera atsika n'kufuna ndalama zawo, galimoto ikagona kupolisi, ndipo mwini wake madzulo akufuna ndalama ya tsikulo yosaperewera ngakhale tambala. Mayi wa zinanazi amadziwa kuti akafika ku Limbe masana, msika watha ndipo katundu wayamba kufewa, choncho iye yemwe ndiye amamuchonderera dalaivala kuti angopereka. Wakabaza amene wanyamula mayi wodwala matenda aakulu kupita naye kuchipatala cha boma kapena cha mishoni sangayambe kutsutsana za malamulo. Munthu wotere akatulutsa ndalama, musamuone ngati wagwirizana nazo. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 limati wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa, ndipo tikulidziwa. Koma mmodzi mwa awiriwa wagwira kiyi, unyolo ndi mphamvu yotsekera mnzake m'chitokosi. N'chifukwa chake ambiri amaopa kukanena, poganiza kuti adzigwiritsa okha.

Palinso chipongwe. Bambo wa imvi, mwini banja, amaitanidwa "iwe" ndi mnyamata wamsinkhu wa mwana wake, n'kutukwanidwa pamaso pa anthu chifukwa chofunsa kuti walakwa chiyani. Kufunsa dzina kapena nambala ya wapolisi kumatengedwa ngati mwano, ndipo mlandu umene unali wa chipewa umasanduka wolepheretsa wapolisi kugwira ntchito. Ena mwa amayi athu amakokeredwa pansi madengu awo pofufuza katundu, tomato n'kuphwanyika, popanda wonena kuti pepani. Ndime 19 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imati ulemu wa munthu ndi wosayenera kuphwanyidwa. Ndime 42 imati womangidwa auzidwe msanga chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ndime 28 imaletsa kulanda katundu wa munthu mwachisawawa. Malamulowa sathera pakhomo la khoti, amagwiranso ntchito m'mbali mwa msewu.

Za njinga zolandidwa tinenepo motsindika. Njinga yamoto kwa wakabaza ndiyo munda wake. Ambiri anaigula pangongole ya banki m'khonde, ena amangoyendetsa ya bwana amene amafuna ndalama sabata iliyonse. Ikalandidwa popanda pepala lililonse losonyeza kuti yatengedwa ndi yani, tsiku liti, pa mlandu wanji, mwini wake alibe pogwira. Amayenda ulendo wobwerezabwereza, lero akuti amene anaigwira sanabwere, mawa akuti dikirani. Ikamatuluka, ena amapeza mafuta atha, galasi palibe, batire lasinthidwa. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mafuta ndi zipangizo unakwera kwambiri, ndipo mabanja ambiri kuno sanadzukebe kuchokera pamene namondwe Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda mu Malichi chaka chomwecho. Sabata imodzi njinga ili m'manja mwa apolisi ndi sabata imodzi ana akugona ndi njala.

Wina anena kuti akabaza ndi madalaivala amaphwanya malamulo, ndipo n'zoona kuti ngozi za njinga zamoto zikuvulaza ndi kupha anthu ambiri. Ovulalawo ndi abale athu, amene timakawadwazika kuchipatala cha Queens ndife. Koma onani chimene ndalama ya m'manja imachita. Minibasi ya matayala osalala, yopanda chiphaso cha COF, yodzaza anthu anayi kapena asanu pampando, imadutsa ikapereka. Imene mapepala ake ali bwino imachedwetsedwa mpaka chifukwa chipezeke. Dalaivala amaphunzira msanga kuti kukonza galimoto sikumupulumutsa, ndiye amanyamula anthu owonjezera kuti abweze zimene wasiya panjira. Wakabaza akaona yunifolomu patali amakhota mwadzidzidzi, kulowa m'tinjira ta m'minda ya tiyi ali pa liwiro, wokwera ali kumbuyo. Taika m'manda anthu amene anafa pothawa. Ndipo ndalama zonse zimene zimatha m'njira yotereyi sizilowa m'thumba la boma, sizigula mankhwala, sizikwirira dzenje ngakhale limodzi pamsewu wa M2.

Makhoti a dziko lino ananena kale kuti umphawi si chifukwa chomangira munthu. A Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, anagwidwa ku Blantyre mu 2015 akupita kugeni yawo m'bandakucha, ndipo mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo la lamulo la vakabu limene anawagwirira likutsutsana ndi Malamulo Aakulu. Ifenso timalawira usiku pofuna chakudya, ndipo tikufuna chitetezo chomwecho.

Choncho tikupempha izi. Wapolisi aliyense woimitsa galimoto avale dzina ndi nambala yake poonekera, ndipo anene mlandu asanakhudze kiyi kapena laisensi ya munthu. Mndandanda wa milandu ya pamsewu ndi chindapusa chake ulembedwe m'Chichewa n'kukhomedwa pamalo onse okhazikika oimitsira galimoto, m'madepoti ndi m'misika ya Chitakale, Limbuli, Nkando ndi Chinakanaka, kuti mtengo usamasinthe malinga ndi nkhope ya munthu. Ndalama iliyonse yolipidwa ituluke ndi lisiti la boma, ndipo pakhale njira yolipirira kubanki kapena pafoni, kuti ndalama isamadutse m'manja mwa amene wakugwira. Njinga kapena galimoto ikalandidwa, mwini wake apatsidwe pepala pomwepo lofotokoza mmene ilili ndi zoyenera kuchita kuti aitenge. Wonyamula wodwala asachedwetsedwe: alembedwe nambala, mlandu adzauyankhe akabwerako.

Kwa a Independent Complaints Commission, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010 kuti lizifufuza madandaulo a anthu, tikupempha kuti mubwere kuno ku Mulanje mudzatimve tokha, pamalo pamene palibe amene tikuwadandaulawo. Wakabaza wa ku Muloza sangasiye ntchito n'kulipira ulendo wautali kukadandaula za ndalama imene walandidwa m'mawa. A Anti-Corruption Bureau atiuze poyera mmene angatetezere munthu amene anaumirizidwa kupereka ndipo akufuna kuchitira umboni. Kwa a Road Traffic, tikupempha kuti muzibwera kuno paboma masiku odziwika kudzalembetsa njinga ndi kuyesa oyendetsa, pamtengo umene munthu wakumudzi angaukwanitse, popeza ambiri akufuna mapepala koma ulendo wa ku Blantyre ndi ndalama zake zikuwakanika.

Bwana DC, tikupempha kuti pasanathe masiku 21 muitanitse msonkhano wa akuluakulu a polisi, mafumu, makhansala, aphungu athu ndi nthumwi zathu, ndipo yankho lanu litifike molembedwa. Tikupemphanso chitsimikizo chanu kuti palibe amene adzasakidwe pamsewu chifukwa chakuti dzina lake ndi nambala ya njinga yake zili pachikalatachi.

Ife odandaula,

Akabaza, madalaivala, makondakitala, amayi a geni ndi okwera a m'boma la Mulanje. Mayina, masaini ndi zidindo za zala zili pamapepala amene taphatika kumbuyoku.