MSONKHO WA ANA ATHU OPHUNZIRA KUNJA: ZIMENE MAKOLO A KWA NJOMBWA AYENERA KUDZIWA

Mwezi wa April uli ndi ntchito zambiri kwa anthu a m'dera la Mfumu Njombwa m'boma la Kasungu. Ndiyo nyengo imene alimi ali pakalikiliki kusankha fodya ndi kudinda mabelo, nayembekeza kutsegulidwa kwa msika wa Chinkhoma. Ndiponso kuyambira 2022 chaka cha ndalama za Boma lathu chiyamba pa 1 April. Koma mwezi womwewo uli ndi masiku ena awiri amene makolo ambiri sawadziwa, ngakhale akhudza ana awo amene ali kuphunzira kutsidya la nyanja. Pa 15 April ndilo tsiku lomaliza loti wophunzira amene analandira malipiro ku America apereke makalata ake a msonkho, ndipo pa 6 April chaka chatsopano cha msonkho chiyamba ku Britain.

Nkhaniyi ikhudza makamaka aphunzitsi ndi antchito a Boma, pakuti ndiwo alemba makalata ochitira umboni ana opita kunja, ndiwonso amene makolo awafunsa nzeru mwana asananyamuke, ndipo ena mwa iwo apita okha kukaonjezera maphunziro. Kutumiza ana kunja si chinthu chachilendo ku Kasungu. Dr. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa boma lomweli, anatsiriza maphunziro ku University of Chicago mu 1931 ndi a udokotala ku Meharry Medical College mu 1937. Lero njira imeneyo ayendamo ana a alimi ndi a aphunzitsi, ndipo malamulo amene akapeza kumeneko ndi ochuluka.

Msonkho monga tiudziwa kwathu

Mlimi wa kwa Njombwa akagulitsa fodya wake, msonkho udulidwa pa msika pomwepo ndalama zisanafike m'manja mwake. Mphunzitsi nayenso aona malipiro ake atadulidwa kale mwa njira ya PAYE, ndipo ndalamazo zipita ku bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito yake m'chaka cha 2000. Chotero ambiri a ife takula ndi maganizo akuti msonkho ndi chinthu chimene ena atidulira, ndi kuti munthu wopanda malipiro alibe kanthu kolemba kapena kofotokoza. Mwana akanyamula maganizo amenewa kupita nawo kwa eni, apa ndipo payambira vuto.

Lamulo la ku America

Ku America lamulo lifuna kuti munthu adzinenere yekha. Wophunzira wolowa m'dzikomo ndi viza ya F-1 kapena J-1 awerengedwa ngati mlendo pa nkhani za msonkho kwa zaka zisanu zoyamba, ndipo chaka chimene anafika chiwerengedwa chathunthu ngakhale anafika mu August. M'zaka zimenezi ayenera kutumiza chaka ndi chaka kalata yotchedwa Form 8843 ku bungwe lotolera msonkho la Internal Revenue Service. Kalatayi ifunika ngakhale kwa mwana amene sanagwire ntchito iliyonse ndipo sanalandire ngakhale dola imodzi. Amene analandira ndalama zoyenera msonkho m'dzikomo aonjezera kalata ina, Form 1040-NR. Wolandira malipiro a ntchito apereka pofika 15 April, wopanda malipiro ali ndi nthawi kufikira 15 June.

Kodi ndalama zoyenera msonkho ndi ziti? Ndalama zimene makolo atumiza kuchokera ku fodya wa kwa Njombwa sizili m'gulu limeneli, pakuti ndi mphatso yochokera kunja kwa America. Thandizo la sukulu lolipirira fizi ndi mabuku nalonso lilibe msonkho. Koma gawo la thandizolo limene lilipira chakudya ndi malo ogona liwerengedwa ngati phindu la mwanayo, ndipo kawirikawiri yunivesite idulapo 14 pa 100 iliyonse. Malipiro a ntchito ya pa sukulu, imene lamulo lilola kufikira maola 20 pa sabata m'nthawi ya maphunziro, nawonso ali ndi msonkho. Maiko ena ali ndi pangano ndi America lopeputsa msonkho wa ophunzira awo, koma Malawi alibe pangano lotero. Tsono mwana wathu asatsanzire mnzake wa ku India, amene pangano la dziko lake limpatsa mwai umene iye alibe.

Tiyeni tiyerekeze. Mwana alandira madola 8,000 pa chaka a chakudya ndi malo ogona, ndipo alibe phindu lina. Yunivesite idula madola 1,120. Koma msonkho wake weniweni, pa mlingo wotsikitsitsa wa 10 pa 100, ndi madola 800 okha. Akalemba makalata ake abwezeredwa madola 320. Akakhala chete, ndalamazo zitsala kwa Boma la America, ndipo zikapita zaka zitatu sangathenso kuziitanitsa. Mlimi aliyense adziwa thukuta limene likhetsedwa m'munda ndi m'chigafa kuti apeze madola otere pa msika. Palinso msonkho wina wa 7.65 pa 100 wothandiza okalamba ndi odwala, umene wophunzira wa F-1 wogwira ntchito yololedwa sayenera kudulidwa m'zaka zisanu zija. Wolemba ntchito akaudula molakwa, mwanayo ali ndi ufulu woufunsa.

Tsono amene ali ndi ngongole ya msonkho nalephera kulemba makalata alipiritsidwa chindapusa cha 5 pa 100 ya ngongoleyo mwezi uliwonse, kufikira 25 pa 100. Tisaiwalenso kuti zigawo zambiri za dzikolo zili ndi msonkho wawowawo ndi makalata awoawo, ngakhale zina monga Texas ndi Florida sizidula msonkho pa malipiro. Zaka zisanu zija zikatha, kawirikawiri wophunzira ayamba kuwerengedwa ngati wokhala m'dzikomo, ndipo pamenepo ayenera kunena phindu lake lonse, ndi la ku Malawi lomwe.

Ku Britain ndi ku South Africa

Ku Britain zinthu zifanana pang'ono ndi kwathu, pakuti PAYE tinatengera komweko. Wolemba ntchito adula msonkho natumiza ku bungwe la HMRC. Kuyambira mu 2021 mapaundi 12,570 oyamba pa chaka alibe msonkho, ndipo thandizo la sukulu kwa wophunzira wa nthawi zonse silidulidwa kanthu. Wophunzira wa digiri aloledwa kugwira ntchito maola 20 pa sabata m'nthawi ya maphunziro, koma viza yake imletsa kudzilemba yekha ntchito kapena kuchita malonda akeake. Mwana wozolowera geni wa kwathu ayenera kuchenjera pamenepa, pakuti chimene kuno tichiyesa khama, kumeneko ndi kuswa malamulo a viza. Akadulidwa msonkho wopitirira muyeso aufunse, ndipo pochoka m'dzikomo alembe kalata ya P85. Pakati pa Malawi ndi Britain pali pangano loletsa kudula munthu msonkho kawiri, limene linasainidwa mu 1955 m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri aphunzira, chaka cha msonkho chiyamba pa 1 March ndi kutha kumapeto kwa February. Viza ya maphunziro ilola ntchito ya maola 20 pa sabata. M'chaka cha 2024/25 munthu wosafika zaka 65 anayamba kupereka msonkho phindu lake likapitirira marandi 95,750, ndipo wolandira malipiro afunika nambala ya msonkho ya bungwe la SARS.

Nanga kwathu kuno?

Lamulo la msonkho la Malawi liyang'ana makamaka kumene ndalama zachokera. Mphunzitsi amene wapita kukaphunzira ku Edinburgh ali kulandirabe malipiro a Boma apitiriza kudulidwa PAYE monga kale. Amene wasiya nyumba ya lendi pa boma la Kasungu, kapena munda wa fodya wolembedwa m'dzina lake, phindu lakelo lili pansi pa msonkho wa Malawi ngakhale mwini wake ali kutali. Nkwanzeru kusiya munthu wokhulupirika wodziwa nambala yake ya TPIN, kapena kuphunzira kulemba makalata pa intaneti mwa njira ya Msonkho Online asananyamuke.

Chifukwa chake nkhaniyi yakula tsopano

Zifukwa zilipo ziwiri. Choyamba ndi ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023, kotero kuti dola iliyonse yotayika kunja ilemera kwambiri pa mapewa a kholo lolandira malipiro m'makwacha. Chachiwiri ndi mbiri ya dziko. Mu August 2025 Boma la America linalamula kuti Amalawi ofuna viza yokacheza kapena ya malonda ayambe apereka chikole chofika madola 15,000, ndipo mu December chaka chomwecho linaika Malawi pa mndandanda wa maiko amene nzika zake zinaimitsidwa kulandira viza zatsopano za maphunziro kuyambira 1 January 2026. Mwana amene ali kale m'dzikomo ayenera kusunga mapepala ake bwino lomwe, pakuti pofunsira chilolezo chokhalitsa akuluakulu angathe kumfunsa makalata a msonkho a zaka zapitazo, ndipo kulakwa kwa mmodzi kuipitsa dzina la onse obwera m'mbuyo mwake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mphunzitsi wamkulu polemba kalata ya umboni aonjezepo malangizo atatu: kuti mwanayo akangofika apite ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja kukafunsa za msonkho; kuti asunge pepala lililonse la malipiro ndi la thandizo la sukulu, monga W-2 ndi 1042-S ku America kapena P60 ku Britain; ndi kuti asalembe makalata a nzika za dzikolo pamene iye ali mlendo. Kholo nalonso, potumiza ndalama za fodya wa chaka chino, lifunse mwana wake ngati makalata a mu April anapita.