Chotsekera Mfuti Nacho Chimatha

Mfuti yam'manja ya Colt, imene John Browning anaikonza ndipo asilikali a ku America anailandira m'chaka cha 1911, ili ndi kachitsulo kotsekera pamene pamafika chala chachikulu. Kachitsulo aka nako kamaperepeseka. Kakatero, munthu akakoka chowombera mfuti ili chitsekere sipachitika kanthu, koma potsekula kanyundo kangathe kugwa kokha, mfuti nkulira.

Ena amathamangira tupa kuti akonze okha. Ine ndikuti kumeneko nkuseŵera ndi moyo, pakuti chitsulo chimene tupa yadya sichibwereranso. Aŵerengi anzanga, yambani mwachotsa chosungiramo zipolopolo, kenaka mutulutse chipolopolo chotsalira m'kati chija, chimene ambiri amachiiŵala. Mukatero, kaperekeni mfutiyo kwa mmisiri wake.