Winchester 70 yakale ija: kodi ikuposadi yatsopano?

Pakati pa alenje okonda mfuti za bolt pali mkangano wosatha. Ambiri amati Winchester Model 70 yopangidwa chaka cha 1964 chisanafike ndiye mfuti yeniyeni, zotsatirazo ndi zongoyerekeza, ndipo amalipira ndalama zambiri kuti ayipeze. Ine ndikuti akunena zoona, koma pa mfundo imodzi yokha.

Mfutiyi inatuluka mu 1936 ku New Haven, ku America, ndipo inatengera nzeru za Mauser ya ku Germany ya 1898. M'mbali mwa bolt yake muli kachitsulo kotalika kangati chikhadabo. Mukamakankha bolt, chikhadabocho chimagwira chipolopolo chikangotuluka m'magazini, n'kuchiperekeza mpaka mumpope osachisiya. Mu 1964 kampaniyi, itapanikizidwa ndi Remington 700 yomwe inabwera mu 1962 pamtengo wotsika, inachotsa chikhadabocho. Bolt yatsopano inkangokankha chipolopolo n'kuchigwira chitalowa kale. Timizere tapathabwa tomwe kale ankasema, anayamba kungodinda ndi makina. Jack O'Connor, mlembi wotchuka wa magazini ya Outdoor Life, anadandaula kwambiri.

Phindu la chikhadabo limaoneka zinthu zikathina. Njati yovulala ikukulondani, manja akunjenjemera, mwakankha bolt osafikitsa, mwabweza, mwakankhanso. Pa mfuti yongokankha ija, zipolopolo ziwiri zingathe kupanikizana pakhomo la mpope, mfuti n'kusanduka ndodo. Yachikhadabo imatulutsa choyambacho kunja. Apa ndiye sinditsutsa, abale, pakuti nkhani yake ndi ya moyo.

Koma ndi angati amene amasaka njati? Wosaka agwape chimene amafuna ndi mfuti yolasa pomwe waloza, ndipo pamenepa zatsopano sizichepa ayi. Remington 700 yomweyo, yopanda chikhadabo chachitali, ndi imene asilikali a ku America anasankha popanga mfuti zawo zowombera patali, M40 ndi M24.

Komanso Winchester inabwezeretsa chikhadabo mu 1992. Fakitale ya ku New Haven inatsekedwa mu 2006, koma Model 70 inayambiranso kupangidwa mu 2008, chikhadabo chilipo. Tsono wogula yakale lero akulipira luso la manja ndi mbiri, zomwe si zoipa ngati thumba likulola. Angoyamba wasuzumira mumpope, chifukwa mfuti ya zaka zoposa 60 ikhoza kunyezimira kunja mkati mutadyeka.