Ana anga akuti chithunzi cha ayezi n'chabodza

Sabata yatha ana a Fomu 3 anandiimba mlandu. Tinkaphunzira za nyengo ya kumalekezero a dziko, ndipo poti chithunzi cha m'buku lathu chinachita kuda bii, ndinayendetsa foni yanga m'kalasi kuti aone phiri la madzi oundana likuyandama pa nyanja ku Antarctica. Mtsikana wina wa kumbuyo anaimika dzanja. "Aphunzitsi, izi n'zokonza pa kompyuta. Ayezi wa m'mafiliji a pa Liwonde ndi woyera, nanga uyu wabuluu bwanji?" Kalasi yonse inavomera.

Sindinakwiye. Mwana amene amaona anzake akudziyeretsa nkhope pa Facebook tsiku ndi tsiku ali ndi chifukwa chokayikira. Koma buluu ameneyo ndi weniweni. Madzi oundana akapanikizika kwa zaka zambirimbiri, mpweya umachepa mkati mwake, ndipo kuwala kukalowamo, mbali yofiira imamezedwa, yabuluu n'kutsala. Ayezi wa m'filiji ndi wamng'ono komanso wodzadza ndi mpweya, n'chifukwa chake amaoneka woyera.

Komabe mtsikanayo sanaphonye kwenikweni, pakuti zithunzi zambiri za kumeneko zimakonzedwadi, ndipo pali chifukwa chake. Kamera ikaona zoyera zokhazokha imayesa kuti kwawala mopyola muyeso, ndiye imadetsa zonse, mbee uja n'kusanduka wotuwa ngati phulusa. Wojambula amayenera kuwonjezera kuwala pojambula pomwepo kapena pambuyo pake. Tinayesa tokha. Kuseri kwa nyumba za aphunzitsi mayi wina anayanika ufa pa mphasa, ndipo titaujambula dzuwa lili paliwombo, ufa woyera bwinobwino unatuluka ngati mgaiwa. Titakweza kuwala pa foni, unabwerera mwakale. Ndinawafunsa ana aja kuti chabodza ndi chiti pa ziwirizi, choyamba chosakhudzidwa chija kapena chachiwiri chokonzedwa. Panali phokoso mpaka belu.

Mkanganowu si wa lero. Mu 1914 Frank Hurley wa ku Australia ananyamuka ndi Ernest Shackleton pa sitima yotchedwa Endurance kupita ku Antarctica. Sitimayo inapanidwa ndi madzi oundana m'nyanja ya Weddell ndipo inamira mu Novembala 1915. Nthawi imeneyo zithunzi zinkajambulidwa pa magalasi olemera. Hurley analowa m'madzi ozizira mkati mwa sitima yophwanyikayo kukawapulumutsa, anasankhapo oposa 100 okha, otsalawo n'kuwaswa dala kuti mtima usamubwezere m'mbuyo. Munthu wolimba mtima ameneyo. Koma yemweyo ankatenga mitambo ya chithunzi china n'kuiphatika pa chinzake kuti chigwire mtima. Panalibe kompyuta, anachita ndi manja m'chipinda chotsukira zithunzi. Lero amene akufuna kudziwa zimene zinachitikadi pa ulendowo amayamba afufuza kuti chithunzi ichi n'chimodzi kapena n'ziwiri zosokedwa.

Kwa ine malire ali pamenepo. Kubwezera ufa kuyera kumene maso anga anaona, ndilibe nako vuto. Kuika mtambo pamene panalibe mtambo, kapena kufufuta bwato limene linalipo, ndakana.

Mwina mukufunsa kuti ife a ku Machinga ndi Balaka, amene ayezi timamuonera m'mafirizesi a ana, zikutikhudza pati. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso, mabwato a asodzi a matemba n'kukhala pa matope ong'aluka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabweretsa zosiyana ndi zimenezo, madzi mpaka m'nyumba. Pa nthawi zoterezi zithunzi zimayenda pa WhatsApp, zina zenizeni, zina zakale, zina za kumaiko ena. Thandizo limatsata chithunzi. Tsiku limene wopereka thandizo adzanene ngati mwana wanga uja kuti "izi n'zokonza", wovutika ndi msodzi wa kwa Mposa amene bwato lake lilidi pa matope.

Wojambula wina wa ku America, James Balog, anapeza njira imene ndaikonda. Kuyambira mu 2007 anamangirira makamera pa miyala ku Greenland, Iceland ndi Alaska, kuti azijambula malo amodzimodzi kwa zaka. Ukayala zithunzizo motsatana umaona madzi oundana akubwerera m'mbuyo. Mphamvu yake sili pa kukongola kwa chithunzi chimodzi ayi, koma pa mwala womwewo umene ukuoneka pa ngodya ya chilichonse, monga mboni.

Ife makamera otere tilibe, koma mlambe tili nawo. Tagwirizana ndi Fomu 3 kuti Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse, tikaweruka, tiziima pa mlambe wa pafupi ndi mtsinje wathu n'kujambula madzi, mwala waukulu uja uzioneka kumanzere. Kuwala tingakonze, koma choyambirira chosakhudzidwa tizisunga, ndi deti lake m'kope. Wosunga kopelo tasankha mtsikana wa kumbuyo uja. Vuto latsala n'la foni, chifukwa ndi yanga yomweyi, ndipo batire lake silifika madzulo.